Masamu obisika mu petulo wa pa Katoto

Petulo amene madalaivala amathira m'magalimoto awo pa Katoto mumzinda wa Mzuzu nthawi zambiri amakhala wosakaniza ndi ethanol wopangidwa m'dziko mom'muno. Malawi adayamba kusakaniza mafuta motere mu 1982, pamene kampani ya Ethanol Company idatsegula fakitale yake ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, ndipo ya PressCane ku Chikwawa idatsatira mu 2004. Mafakitale onsewa amagwiritsa ntchito molasesi, madzi okhuthala akuda amene amatsala popanga shuga kuchokera ku nzimbe.

Funso limene akatswiri a m'mafakitale otere amadzifunsa tsiku ndi tsiku ndi lomwelo limene ophunzira a Chemistry pasukulu ya sekondale ya Katoto amakumana nalo pokonzekera mayeso a MSCE: pa ethanol yense amene akadatuluka, watuluka wochuluka bwanji? Yankho lake, m'Chingerezi, limatchedwa percentage yield.

Powerengera, pafunika manambala awiri. Yoyamba imapezeka papepala. Yisiti ikadya shuga wa mtundu wa glucose wolemera magalamu 180, pamayenera kutuluka magalamu 92 a ethanol ndi magalamu 88 a mpweya wa carbon dioxide, uja umachititsa thovu mowa ukamawira. Motero makilogalamu 100 a shuga sangapereke ethanol woposa makilogalamu 51, ngakhale fakitale itakhala yamakono chotani. Nambala yachiwiri imapezeka pasikelo, ntchito ikatha. Yachiwiriyi imagawidwa ndi yoyamba ija, kenako n'kuchulukitsa ndi 100. Mwachitsanzo, ngati patuluka makilogalamu 46, kugawa 46 ndi 51 n'kuchulukitsa ndi 100 kumapereka pafupifupi 90 peresenti.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amaterereka. Amagawa 46 ndi makilogalamu 100 a shuga aja n'kupeza 46 peresenti, ngati kuti theka la katundu labedwa, chonsecho makilogalamu 49 adayenera kuuluka ngati mpweya kuyambira pachiyambi. Ena amaiwala kuti molasesi si shuga yekhayekha. Pafupifupi theka lake ndi madzi ndi zinthu zina zimene yisiti singazisandutse ethanol. Masamu amayambira pa shuga amene ali m'kati mwakemo, osati pa kulemera kwa thanki yonse.

Nanga makilogalamu asanu otsalawo amapita kuti? Wasayansi wa ku France, Louis Pasteur, adaonetsa cha m'ma 1860 kuti yisiti ndi chamoyo, ndipo simagwira ganyu yaulere. Shuga wina imamugwiritsa ntchito pokula ndi kuswana, wina imamusandutsa glycerol ndi zinthu zina. Pachifukwa ichi, ngakhale zonse zitayenda bwino, 95 peresenti ndi pafupi ndi malire. Kutsikira pamenepo kumadza ndi tizilombo timene timasasitsa mowa, kutentha kopitirira muyeso, ndiponso ethanol wothawa ngati nthunzi potcheza. Amayi otcheza kachasu amazidziwa bwino zimenezi popanda buku: paipi ikachucha nthunzi, mabotolo amachepa.

Nthawi zina yankho limapitirira 100 peresenti, ndipo wophunzira amasekera. Palibe chosekerera, pakuti zimenezi zimangosonyeza kuti chimene chayezedwacho chili ndi zosafunika, makamaka madzi. Kutcheza wamba sikungayeretse ethanol kupitirira pafupifupi 96 peresenti, ndiye chifukwa chake wopita mu petulo amayamba wachotsedwa madzi otsalawo mwa njira ina.

Kwa dziko limene limagula petulo kunja ndi ndalama zakunja zosowa kale, kusiyana kwa 85 ndi 90 peresenti si nkhani ya m'kalasi chabe. Pa matani 100 alionse a shuga, kusiyanako ndi matani oposa awiri ndi theka a ethanol, amene ndi malita oposa 3,000.