MITENGO IMAKUMBUKA CHILALA

Agogo athu akamakamba za njala amatchula chaka cha 1949. Makolo athu nawo saiwala 1992, chaka chomwe anthu ambiri adadya nsima ya chimanga chachikasu cha thandizo. Koma nanga zaka 200 kapena 700 zapitazo mvula inkagwa bwanji? Amene adaona zimenezo adatsikira kulichete kalekale. Okondedwa awerengi, ndikufuna ndikufotokozereni za mboni ina imene idakalipo, ndipo mboni yake ndi mtengo.

Mukayang'ana bwino pachitsa cha mtengo wochekedwa ndi sowo mudzaona mizere yozungulira, kuyambira pakati mpaka kukhungwa. Mtengo umanenepa poonjezera thupi latsopano kunsi kwa khungwa. Mvula ikangoyamba umakula msanga ndipo thupilo limakhala lofewa ndi lowala. Madzi akayamba kuchepa m'nthaka kukula kumachedwa, thupi limalimba ndi kuderako, kenaka mtengo umapumula. Motero chaka chilichonse chimasiya mzere wake umodzi. Chaka cha mvula yabwino mzerewo umakhala wotakata, pamene chaka cha chilala umakhala wopyapyala ngati ulusi.

Amene adasandutsa zimenezi kukhala sayansi ndi Andrew Ellicott Douglass wa ku Arizona m'dziko la America. Iyeyu anali katswiri wa za nyenyezi, ndipo ankafuna kudziwa ngati madontho a padzuwa amasintha nyengo ya pansi pano. Popeza zolembedwa za mvula zinali za zaka zochepa, adatembenukira ku mitengo ya paini. Adapeza kuti mitengo ya dera limodzi imakhala ndi mndandanda wofanana wa mizere yotakata ndi yopyapyala, chifukwa yonse idamwa mvula imodzi.

Apa ndiye padagona nzeru. Tiyerekeze kuti mizere yamkati ya mtengo wamoyo ili motere: iwiri yotakata, itatu yopyapyala, umodzi wotakata. Mukapeza mndandanda womwewo kumizere yakunja ya mtanda wa nyumba yakale, mwadziwa zaka zomwe mtandawo unkakula. Mtandawo mungaulumikizenso ndi wina wakale koposa, ndipo mumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono ngati munthu wolumikiza unyolo. Lero akatswiri sadulanso mtengo wamoyo ai. Amauboola ndi kachipangizo kotulutsa kamtengo konga pensulo, mtengowo nkupitiriza kukula.

M'chaka cha 1929 anzake a Douglass adafukula mtanda wopserera pa malo otchedwa Show Low. Mtandawo udalumikiza mndandanda wa mitengo yamoyo ndi wa mabwinja akale, ndipo mbiri ya mizere idafika cha m'ma 700. Pamenepo zidaoneka kuti kuyambira 1276 mpaka 1299 kudali chilala choopsa m'chigawocho. Pofika cha m'ma 1300 anthu amene adamanga midzi yamiyala m'mapanga a ku Mesa Verde adali atasamuka. Akatswiri amati chilala sichidali chifukwa chokhacho, koma chidali chimodzi mwa zifukwa zazikulu. Mu 1937 Douglass adatsegula malo ofufuzira mizere ya mitengo pa yunivesite ya Arizona mumzinda wa Tucson.

Mwina wina afunsa kuti, "Zimenezo nza ku America, nanga ife zikutikhudza bwanji?" Mitengo yambiri ya m'maiko otentha ilibe mizere yooneka bwino, koma mlombwa uli nayo. Mlombwa umayoyola masamba m'chilimwe nkuleka kukula mpaka mvula itayandikira, choncho umalemba mzere umodzi pa chaka. Mu 2006 Matthew Therrell ndi anzake adafalitsa zomwe adapeza m'milombwa ya ku Zimbabwe. Poyamba adayerekeza mizereyo ndi mvula yomwe idayezedwa ndi zipangizo, ndipo ataona kuti zikugwirizana adawerenga mbiri ya mvula kuyambira 1796 mpaka 1996.

Milombwayo idaonetsa chilala chotalika kuyambira 1882 mpaka 1896, ndi china chachikulu kuyambira 1859 mpaka 1868. Zaka zachiwirizi zikutikumbutsa mbiri ya kwathu kuno. Amishoni a UMCA adafika ku Magomero mu 1861, ndipo mu 1862 ndi 1863 chigwa cha Shire chidagwidwa ndi chilala ndi njala yosaneneka, pamwamba pa nkhondo ndi malonda a akapolo. David Livingstone adalemba za mitembo yomwe ankaiona ikuyandama mu Shire. Mvula ya Zimbabwe ndi ya kumwera kwa Malawi silingana chaka chilichonse, komabe apa zolemba za anthu ndi zolemba za mitengo zikuloza kumodzi.

Ndiyenera kunenanso kuti mtengo umodzi pawokha ungathe kusokeretsa. Moto wa m'tchire, tizilombo kapena mthunzi wa mitengo inzake zimatha kupyapyalitsa mzere ngakhale mvula idagwa bwino. Nthawi zina mzere umasowa, nthawi zina umaoneka ngati iwiri. Nchifukwa chake akatswiri amayeza mitengo yambiri ndi kukhulupirira zokhazo zomwe yonse ikuvomerezana, monga momwe mfumu samagamula mlandu atangomva mboni imodzi.

Phunziro lalikulu lomwe ine ndikuliona ndi ili: chilala sichibwera chaka chimodzi chokha nthawi zonse. Chimatha kukhala zaka zingapo zotsatizana, ndipo zoterezi zidachitikapo kale m'chigawo chathu chino. Ambirife timakonzekera njala ya chaka chimodzi, poganiza kuti dzinja lotsatira zinthu zidzakhala bwino. Mizere ya mlombwa ikutichenjeza kuti sitiyenera kudalira zimenezo, makamaka masiku ano pomwe dziko likunka litentha. Tikumbukire Yosefe pa Genesis 41, amene adalangiza Farao kusunga chakudya m'zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu. Iye adachenjezedwa kudzera m'maloto. Ife Chauta watipatsa nzeru zowerengera zolengedwa zake.

Kwa inu makolo athu, pempho langa nlakuti musagulitse chimanga chonse chaka cha zokolola zambiri, ndipo pambali pa chimanga pakhale chinangwa, mapira ndi mbatata. Kwa inu a Bambo m'maparishi, mau anu pa guwa ndi m'miphakati amamveka kutali, choncho tithandizeni kuteteza milombwa yakale imene ikutha chifukwa cha matabwa. Mlombwa wa zaka 200 ukagwa popanda woyang'ana mizere yake, mbiri ya mvula ya dera lonselo yapita nawo. Ndipo kwa ife anzanga a pa seminale, tisapeputse maphunziro a sayansi poganiza kuti wansembe sawafuna. Akhristu amene tidzawatumikira ndi alimi, ndipo chakudza sichiimba ng'oma.