Kabotolo kobiriwira ndi tizipatso tofiira

Azakhali anga a ku Chiparamba amasunga kabotolo pamwamba pa kabati, pomwe ana sangafikire. Anawatumizira ndi mwana wawo wa ku Lusaka. M'katimo muli timibulu tobiriwira bii, tonunkha ngati madzi a padambo, ndipo papepala lake analembapo kuti spirulina. Tsiku limene ndinakawaona, mdzukulu wawo wa ku sekondale anali atangowaonetsa pafoni tizipatso tofiira totchedwa raspberry, akuti timeneti ndiye timatsuka magazi. "Iwe mwanangu unapita kusukulu," anatero azakhali, "tandiuza, champhamvu n'chiti pamenepa?" Ndinawayankha mothamanga tsikulo, ndipo kuyambira pamenepo funsoli lakhala likundibwerera.

Ambiri kwathu amayesa spirulina ndi masamba osinja ngati ufa wa chamwamba, ena amati ndi mankhwala opangidwa ndi azungu. Zonse ziwirizi si zoona. Spirulina ndi tizamoyo ting'onoting'ono tokhala ngati ndere, timene timaswana m'madzi ofunda a chidulo chambiri. Ndipo ndi chakudya cha kuno ku Africa kuyambira kalekale. Amayi a mtundu wa Kanembu, okhala m'mbali mwa nyanja ya Chad, amayengula ndere imeneyi pamwamba pa madzi, n'kuithira pamchenga kuti iume, kenako n'kuidula timapande totchedwa dihé, timene amathira mu ndiwo. Mu 1964 katswiri wa zomera wa ku Belgium, Jean Léonard, anapeza timapandeti tikugulitsidwa pamsika wa ku Fort-Lamy, mzinda umene lero ukutchedwa N'Djamena, ndipo ataitengera kwa akatswiri anzake mbiri yake inayamba kufalikira. A mtundu wa Aztec ku Mexico nawonso ankaiyengula panyanja ya Texcoco. Choncho chimene azakhali akumeza ndi madzi ngati mankhwala a malungo chinayamba ngati ndiwo, zodyera nsima ya mapira ndi mchewere.

Raspberry ndi chipatso cha kamtengo kaminga kokonda malo ozizira. Maiko monga Russia, Mexico, Serbia ndi Poland ndi amene amakolola zambiri. Amene anakwerako phiri la Zomba ku Malawi anaona anyamata akugulitsa tizipatso ta mtundu umenewu m'mbali mwa msewu. Kutentha kwa ku Chipata sikugwirizana ndi kamtengoka, ndiye kwathu chofanana nacho m'maonekedwe ndi mabulosi, ngakhale kuti mitengo yake ndi yosiyana.

Tsono tifike pa manambala, chifukwa ndi pamene anthu abwinobwino amasokonezekera. Ogulitsa amati spirulina ili ndi zomanga thupi kuposa nyama, ndipo sakunama. Pa magalamu 100 a ufa wouma, pafupifupi magalamu 57 ndi mapuloteni, ndipo muli ayironi wokwana mamiligalamu 28. Magalamu 100 a raspberry ali ndi mapuloteni ongopitirira galamu imodzi, ndi ayironi wosafika miligalamu imodzi. Ukangoona zimenezi umati mlandu watha. Koma taonani zimene zaikidwa pasikelo: mbali ina kuli ufa wouma gwa, mbali ina kuli chipatso chimene magawo 86 pa 100 alionse ndi madzi. Kuli ngati kuyerekeza mfutso ndi chiwawa chongothyola kumene. Funso loyenera n'lakuti munthu amadya zochuluka bwanji pa tsiku. Palibe amene amadya magalamu 100 a spirulina. Ngati mbulu umodzi ukulemera theka la galamu, pangafunike mibulu 200 kuti mufike pamenepo. Supuni yaikulu yodzaza ndi ufawu imalemera magalamu 7, ndipo imapereka mapuloteni okwana magalamu 4 basi. Dzira limodzi limapereka magalamu 6. Nshawa zodzaza dzanja, magalamu 30, zimapereka pafupifupi 8. Timibulu tinayi timene azakhali amameza m'mawa timawapatsa mapuloteni ongopitirira galamu imodzi, pamene m'nkhokwe mwawo muli nshawa za Chalimbana zosasenda.

Apa mtima umandipweteka. Dera lathu ndi kwawo kwa nshawa. Pa siteshoni ya kafukufuku ya Msekera, kufupi ndi Chipata pompano, akatswiri akhala zaka zambiri akuyesa ndi kuchulukitsa mbewu za mtedza monga MGV4 ndi MGV5. Koma ndaonapo makomo amene amagulitsa nshawa zonse mu June, n'kutsala ndi phala la madzi okhaokha la mwana, kenako n'kumalakalaka botolo la mutauni. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu mu Zambia anali opinimbira. Supuni ya nsinjiro m'phala tsiku lililonse ingachite zambiri kuposa timibulu, bola nshawazo zikhale zouma bwino ndiponso zosankhidwa, chifukwa zachuku zili ndi poizoni wowononga chiwindi.

Sindikunena kuti spirulina ndi yachabe. Ayironi wake ndi weniweni: supuni ija imapereka mamiligalamu 2, ndipo kwa mayi wochepa magazi chimenecho si chinthu chopepuka. Ilinso ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A. Inayesedwanso m'dziko mwathu mom'muno. Kazuya Masuda wa ku Japan ndi Maureen Chitundu wa bungwe la Programme Against Malnutrition anatsatira ana akhanda pafupifupi 500 m'chigawo cha Luapula kwa chaka chathunthu. Ena ankamwa phala la chimanga ndi soya lokha, ena phala lomwelo lothira spirulina. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2019, zinaonetsa kuti ana a phala la spirulina ankafulumirako kuyamba kuyenda okha, ndipo chifuwa chinkawagwira mocheperako. Koma pa msinkhu ndi kulemera panalibe kusiyana kooneka. Ine ndimakhulupirira nkhani yotereyi kuposa ya ogulitsa, chifukwa ikunena zimene ufawu unachita ndi zimene unalephera. Tisaiwalenso kuti anawo ankalandira ufawo m'phala, osati m'malo mwa phala.

Pali chikhulupiriro china chimene chingapweteketse munthu, chakuti amene akumwa spirulina safunikanso nyama, mazira kapena nsomba chifukwa muli vitamini B12. Papepala la botolo nthawi zina amalembadi zimenezo. Koma wambiri wa B12 wa mu spirulina ndi wongofanana naye maonekedwe, thupi la munthu silimugwiritsa ntchito. B12 weniweni, amene amasamala misempha ndi kuthandiza kupanga magazi, ali mu kapenta, mazira, mkaka, chiwindi ndi nyama. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asasiye kapenta chifukwa cha botolo.

Nanga raspberry? Pamene spirulina yafooka ndi pamene iye ali ndi mphamvu. Magalamu 100 ali ndi vitamini C wokwana mamiligalamu 26, pamene supuni ya spirulina sifika ndi miligalamu imodzi yomwe. Alinso ndi magalamu 6.5 a timaulusi tija timapezeka m'gaga ndi m'masamba, tothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino ndiponso kuti shuga asamakwere mwadzidzidzi m'magazi. Pakati pa zipatso, ndi zochepa zimene zimaposa pamenepa. Koma zoti amatsuka magazi, ayi. Magazi amasefedwa ndi impso ndi chiwindi usana ndi usiku, ndipo palibe chipatso chimene chimalanda ntchito imeneyo. Komanso pa vitamini C, raspberry sangafike pa gwafa, amene ali ndi mamiligalamu oposa 200 pa magalamu 100. Gwafa mmodzi wa kuseri kwa nyumba ya azakhali amakwanira vitamini C wa tsiku lonse. Papaya, mango, malalanje ndi mabuyu ogulitsidwa pamsika wa Kapata zimagwiranso ntchito yomweyo, chilichonse m'nyengo yake.

Chimene ndinalakalaka ndikanawauza azakhali tsiku lija n'chakuti zinthu ziwirizi sizilimbana, zimathandizana. Ayironi wochokera ku zomera, kaya wa mu spirulina, wa mu nyemba, wa mu bonongwe kapena wa mu kholowa, thupi limavutika kumuyamwa. Akakumana ndi vitamini C m'mimba, amalowa m'magazi mochuluka. Tiyi amachita zosiyana, amamanga ayironi kuti asalowe. Ndiye munthu amene wadya nsima ya nyemba ndi bonongwe wothira tomato, n'kutsatizapo gwafa kapena lalanje, wachita chomwecho chimene wamalonda wa mutauni angamuuze kuti achite ndi ufa wobiriwira ndi tizipatso tofiira. Tiyiyo adikire kaye ola limodzi kapena awiri mutatha kudya.

Kwa amene ali nalo kale botolo, palibe chifukwa cholitayira. Kungoti spirulina imatenga zimene zili m'madzi amene yakulira. Ikakololedwa m'madzi akuda imatha kukhala ndi zitsulo zoopsa monga mtovu, kapena kusakanikirana ndi ndere zina zokhala ndi poizoni wa chiwindi. Chifukwa chake musagule ya m'kapepala kopanda dzina la wopanga ndi tsiku lothera ntchito, ndipo musayese kuyengula ndere yobiriwira ya padamu kapena pachithaphwi kuti ndi spirulina. Amene ali ndi pakati, amene ali ndi vuto la impso ndi amene akumwa mankhwala a nthawi yaitali ayambe afunsa kuchipatala.

Azakhali amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo nditabwererako ndinawapempha chinthu chimodzi, chimene ndikupemphanso inu owerenga. Kaya ndi a kuthamanga kwa magazi, a shuga, a TB kapena ma ARV, musawasiye ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha ufa, mbulu kapena chipatso chilichonse. Ndipo mwana akamaonda kapena kuyera m'manja ndi m'zikope, pitani naye ku sikelo sabata yomweyo, asanapite aliyense ku Chipata kukafuna botolo.