Kodi Mayeso a m'Sukulu za Kwacha Atumikire Yani?

Lero tiyambe ndi kuyerekeza mai wina wa zaka makumi anai amene waphunzira miyezi isanu ndi umodzi m'sukulu ya kwacha. Tsopano amaŵerenga yekha manambala a pa sikelo pogulitsa mtedza wake, ndiponso amadziŵa tsiku lolembedwa pa khadi la mwana wake la ku sikelo ya ana. Mvula itagwa, maiyo wapita kukadzala, ndipo tsiku la mayeso lamdutsa. M'lipoti lopita ku boma dzina lake likhala pamodzi ndi osiyira panjira. Kodi lipotilo lanena zoona? Inde, popeza mayeso sadalembe. Komabe zimene maiyo wapindula sizioneka m'menemo.

Sukulu sikhala popanda ndalama. Pafunika mabuku, choko, bolodi ndi kangachepe ka mlangizi. Amene apereka ndalamazo, kaya ndi boma kaya ndi bungwe lakunja, nawonso ali ndi oŵafunsa, choncho amafuna chiŵerengero: analembetsa angati, anakhoza angati. Kufunsa kotere sikulakwa. Vuto ndi lakuti chiŵerengero chimafuna muyeso umodzi pa anthu onse, pamene anthu akuluakulu amabwera ku sukulu aliyense ndi cholinga chakechake.

Mkangano umenewu ndi wakale. Kuyambira 1967 mpaka 1973 mabungwe a UNESCO ndi UNDP adayesa m'maiko 11 njira yophunzitsa kuŵerenga molumikiza ndi ntchito imene munthu amagwira. Limodzi mwa maikowo linali Tanzania, kumene alimi a m'dera la Mwanza ankaphunzira ndi mabuku onena za ulimi wa thonje. Lipoti lounika ntchitoyi, lotuluka mu 1976, lidavomera kuti zotsatira zake sizidafike pamene eni ake ankayembekeza.

Dziko la Tanzania silidalekere pomwepo. Pulezidenti Julius Nyerere adatcha 1970 chaka cha maphunziro a akuluakulu, ndipo mu 1975 kudachitika mayeso oyamba a dziko lonse. Chimene ine ndimachiyamikira pa mayeso amenewo ndi chakuti sadagaŵe anthu paŵiri pokha, okhoza ndi olephera, koma adaŵaika m'magawo anai. Munthu wongodziŵa zilembo ndi mau ochepa ankapeza malo ake, ngakhale kuti oŵerengedwa ngati odziŵa kulemba ndi kuŵerenga anali a gawo lachitatu ndi lachinai. Pofika 1986 boma lidalengeza kuti osadziŵa kuŵerenga atsala pafupifupi 10 pa anthu 100 alionse. Koma mayeso amaonetsa zimene munthu wachita tsiku limodzi lokha. Akabwerera kumudzi kopanda choŵerenga, amaiŵala. N'chifukwa chake dzikolo lidakhazikitsanso nyuzipepala ndi nyumba za mabuku za m'midzi.

Ku America nako, pansi pa lamulo la 2014 loyendetsa ndalama za maphunziro a akuluakulu, munthu aŵerengedwa kuti ndi wophunzira akakwanitsa maola 12. Amalemba mayeso poyamba, nalembanso ena ataphunzira kwa kanthaŵi, ndipo imodzi mwa njira zazikulu zoyezera sukulu ndiyo kuona kuti ndi angati akwera gawo. Munthu akapeza ntchito nachoka asanalembe mayeso achiŵiri, kaŵirikaŵiri khama lake silioneka pa pepala, monga momwe zachitikira mai wathu uja.

Tsono taonani chiyeso chimene chimagwera mphunzitsi ndalama zikamangiriridwa ku chiŵerengero cha okhoza. Amayamba kukonda ophunzira amene adafikako Sitandade 3 ali ana, popeza iwo akhoza msanga, ndi kuŵasiya m'mbuyo agogo amene sadagwirepo pensulo, amene kwenikweni sukuluyo idatsegulidwira iwo. Amaloŵeza anthu mayankho. Ena amafika polemba maina a anthu amene adaleka kalekale. Pamene ndinali ku koleji ya aphunzitsi tidaphunzira kuti mayeso ndi chida chodziŵira pamene wophunzira wafika, kuti mphunzitsi aone choyenera kuphunzitsa maŵa. Mayeso ongofuna kusangalatsa mwini ndalama sagwira ntchito imeneyi. Tisaiŵalenso kuti munthu wamkulu ali ndi ulemu wake: bambo wolemekezeka m'mudzi akapatsidwa pepala la mayeso tsiku loyamba nalephera pamaso pa akamwini ake, sabweranso.

Kuno kwathu ntchito ya sukulu za kwacha ya dziko lonse idakhazikitsidwa mu 1986, ndipo ambiri a inu mukudziŵa buku lija la Chuma ndi Moyo. Inu alangizi amene mukumvera, simungasinthe mafomu ochokera ku likulu, ndipo ndikupemphani kuti muziŵadzaza moona, ngakhale chiŵerengero chichepe, chifukwa manambala okometsera amanyenga iwo amene akonza chithandizo cha chaka chamaŵa. Koma pambali pa fomuyo mungathe kusunga kaundula wanuwanu. Tsiku loyamba musayese munthu. Mchezereni, mumfunse chimene wadzera. Wina ati afuna kusaina dzina lake m'malo modinda chala, wina afuna kuŵerenga kalata ya mwana wake, wina kulemba ngongole za pa okala yake. Lembani zimenezo. Tsamba loyamba la kope lake muikepo deti, ndipo pakatha mwezi uliwonse muyerekeze ndi tsamba latsopano, iye mwini akuona. Mbweretsereni lisiti lenileni kapena thumba la feteleza kuti aŵerenge zolembedwapo.

Potumiza lipoti, phatikizanipo tsamba limodzi lofotokoza zimenezi, ndi chifukwa chimene aliyense wosiya adasiyira: matenda, maliro, ganyu kapena munda. Oyang'anira akaona kuti ambiri adachoka m'mwezi wa Novembala, angathe kupempha kuti mayeso azichitika mvula isanagwe, kapena kuti ojomba apatsidwe tsiku lina akatha kupalira.