Kodi mumadziwa? Mmene Joni anakankhira osauka kutali

Kodi mumadziwa kuti Johannesburg, mzinda womwe ife timangouti Joni, ulibe nyanja, doko ngakhale mtsinje waukulu? Unamera pa golide basi, yemwe anapezeka pa famu ya Langlaagte mu 1886. Chiyambire nthawi imeneyo, mkangano waukulu mumzindawu wakhala umodzi: anthu okumba golide, ophika, ochapa ndi osesa azigona kuti?

Kodi mumadziwa kuti Soweto anayamba ndi mliri? Mu 1904 mutabuka mliri wofala kudzera mwa makoswe, akuluakulu a mzinda anatentha dera la osauka lomwe linali pafupi ndi pakati pa tauni, kumene lero kuli Newtown. Anthu akuda anawasamutsira ku Klipspruit, mtunda woposa makilomita 15, moyandikana ndi malo omwe ankatayirako zonyansa za m'zimbudzi. Dzina loti Soweto linadza mochedwa, mu 1963.

Kodi mumadziwa kuti ku Sophiatown munthu wakuda ankatha kugula puloti n'kukhala ndi mapepala ake? Zimenezi zinali zosowa kwambiri mu South Africa wa nthawiyo, ndipo n'zimene boma la tsankho linkadana nazo. Kumeneko akuda, makaladi, amwenye ndi Matchaina ankakhala khomo ndi khomo. Kunali kothithikana, kunali zigawenga, koma kunalinso oimba jazi, atolankhani a magazini ya Drum, madokotala ndi aphunzitsi. M'mamawa wa pa 9 February 1955 kunafika apolisi 2,000 ndi mfuti ndi malole, ndipo mabanja oyamba anawapakira kupita nawo ku Meadowlands. M'zaka zochepa anthu pafupifupi 60,000 anali atachotsedwa. Amwenye anawatumiza ku Lenasia, makaladi kwawokwawo, ndipo akuda atafika ku Meadowlands anawagawanso potengera chilankhulo, olankhula Chizulu uku, olankhula Chisutu uko. Nyumba zawo za ku Sophiatown anazigumula, pamalopo n'kumangapo nyumba za azungu, dera n'kulitcha Triomf. Tchalitchi cha Christ the King, komwe ankatumikira wansembe wotsutsa tsankho Trevor Huddleston, chinapulumuka, monganso nyumba ya Dr A.B. Xuma. Dzina la Sophiatown linabwerera mu 2006, koma eni ake ambiri sanabwerere. Ine ndimaona kuti chopweteka koposa pa nkhaniyi ndi puloti: kholo lolandidwa malo silikhala ndi chosiyira ana, ndiye umphawi wa tsiku limodzi lija umafika mpaka kwa zidzukulu.

Kodi mumadziwa kuti malokeshoni ankayendetsedwa ndi ndalama za mowa? Khonsolo inaletsa amayi kufulula ndi kugulitsa mowa wamasese, iyo n'kutsegula malo akeake omwera, ndipo phindu lake ndilo linkalipira gawo lalikulu la ntchito za m'malokeshoni. Wosauka ankadzilipirira yekha msewu ndi mpopi kudzera m'chipanda, pamene misonkho ya masitolo ndi mafakitale omwe ankagwiramo ntchito inkathera kumadera a azungu. Ana a sukulu ataukira boma mu June 1976, malo omwera mowawo anali m'gulu la nyumba zomwe anaziotcha.

Kodi mumadziwa kuti siteshoni yopanga magetsi ya Orlando inali mu Soweto mwenimweni, koma magetsi ake ankayaka m'tauni? Nyumba zambiri zoizungulira zinkadalira makandulo, palafini ndi malasha mpaka m'zaka za m'ma 1980. Utsi wokha ndiwo unkatsala kwa oyandikana nayo.

Kodi mumadziwa kuti kobiri limodzi linayendetsa anthu pansi pafupifupi miyezi itatu? Mu January 1957 kampani ya mabasi ya PUTCO inakweza mtengo wochokera ku Alexandra kupita m'tauni kuchoka pa makobiri 4 kufika pa 5. Anthu anakana kukwera, mfuu yawo ili "Azikwelwa!", kutanthauza kuti "Sitikwera!" Ankadzuka usiku n'kuyenda makilomita pafupifupi 15 kupita kuntchito, madzulo enanso 15 kubwerera, dzuwa kaya mvula. Mtengo unabwerera pa makobiri 4, ndipo boma linakakamizika kuonjezera ndalama zomwe olemba ntchito ankasonkha pothandizira mayendedwe a antchito. Lero Alexandra ndi Sandton, dera la mabanki ndi mahotela odula, zalekanitsidwa ndi msewu waukulu wa M1 ndi kadera ka mafakitale. Wantchito amatha kuiona ofesi yomwe amasesa ataima pakhomo pa chisakasa chake.

Kodi mumadziwa kuti milu ya dothi lochokera m'migodi inathandizanso tsankho? Inakhala ngati mpanda pakati pa madera a azungu kumpoto ndi malokeshoni kummwera. Mphepo ya mu August ikawomba, fumbi lake limagwera m'madera ngati Riverlea ndi mbali zina za Soweto.

Kodi mumadziwa kuti Amalawi omwe ankapita ku Theba, kukagwira ntchito m'migodi ya golide, sankaloledwa kutenga akazi ndi ana? Ankagona m'makomboni a amuna okhaokha pamgodi pomwepo, kontilakiti ikatha n'kubwezedwa kumudzi. Mzinda unkafuna mphamvu zawo, ukalamba wawo ndi matenda a m'chifuwa n'kuzisiyira abale kumudzi.

Kodi mumadziwa kuti malamulo a zitupa, omwe ankaletsa anthu akuda kukhala mumzinda popanda chilolezo, anathetsedwa mu 1986, ndipo lamulo logawa madera potengera khungu linatha mu 1991, koma mtunda uja sunafupike? Malamulo aakulu a dziko a 1996 amati munthu asachotsedwe m'nyumba popanda chigamulo cha khothi. Mu 2011, pa mlandu wa Blue Moonlight, khothi lalikulu loona za malamulowa linagamula kuti khonsolo ya Johannesburg iyenera kupezera pogona pongoyembekezera osauka ochotsedwa m'nyumba, ngakhale wowachotsayo akhale mwini nyumba wamba. Komabe nyumba zotchipa pafupi ndi ntchito n'zochepa, ndipo wamaganyu amene sangakwanitse thiransipoti ya tsiku ndi tsiku amakalowa m'nyumba zosanja zosiyidwa za pakati pa tauni.

Kodi mumadziwa kuti nyumba ya Usindiso, yomwe inapsa pa 31 August 2023 n'kupha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi, kale inali ofesi ya zitupa? Pa nambala 80 mu Albert Street ndi pomwe anthu akuda ankaima pamzere kuyambira m'ma 1950 kuti adindidwe chilolezo chokhala mumzinda, kapena alamulidwe kuchokamo. Pambuyo pake inasanduka malo osungirako amayi ndi ana ozunzidwa, kenako inagwera m'manja mwa anthu otolera lendi mwachinyengo, omwe anagawa zipinda ndi matabwa ndi makatoni. Mwini nyumbayo anali khonsolo ya mzinda. Mu 2024 komiti yofufuza yotsogozedwa ndi jaji wopuma Sisi Khampepe inapeza kuti khonsoloyo inkadziwa kwa zaka za kuopsa kwa nyumbayo koma sinachitepo kanthu.