Makina Amadziwika ndi Kachitidwe Kake: Tidziwe za Coalgebra

Ophunzira athu amaidziwa algebra ngati phunziro losakasaka x ndi y. Dzinali linachokera ku liwu la Chiarabu lakuti al-jabr, lomwe lili pa mutu wa buku limene Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820. Lero tikufuna tikudziwitseni m'bale wake wa phunziroli, coalgebra, amene amathandiza akatswiri a makompyuta kumvetsa makina ogwira ntchito usana ndi usiku osaima.

Algebra imamanga. Timayamba ndi 0, n'kumawonjezera 1 mobwerezabwereza, mpaka tapeza nambala iliyonse yowerengera. Coalgebra imayang'anitsitsa chinthu chimene m'kati mwake sitingaonemo, koma tikachikhudza chimayankha kenako n'kusintha.

Taganizirani makina a ATM. Mukalowetsa khadi amafunsa PIN. Mukalakwitsa amafunsanso, koma m'kati asunga kuti mwaphonya kamodzi. Pa makina ambiri, mukaphonya katatu khadi limatsekedwa. Mabatani ndi omwewo, chala ndi chomwecho, koma yankho lasintha chifukwa makinawo akukumbukira. Chimene akukumbukira pa nthawi iliyonse akatswiri amachitcha state. Ife tingoti mkhalidwe. Coalgebra ndi lamulo limene, pa mkhalidwe uliwonse, limatiuza zinthu ziwiri: chimene chioneke kunja, ndi mkhalidwe umene ubwere pambuyo pake.

Tsono funso lalikulu nali: tinganene liti kuti makina awiri ndi ofanana? Chitsanzo chotchuka ndi cha makina awiri ogulitsa tiyi ndi khofi. Oyamba mukaponyamo ndalama amakusiyirani mabatani onse awiri kuti musankhe. Achiwiri akangolandira ndalama amasankha okha mwachinsinsi, n'kutseka batani limodzi. Munthu wongolemba zimene zachitika adzapeza zofanana pa makina onse awiri: ndalama kenako tiyi, kapena ndalama kenako khofi. Koma wogula amene amafuna tiyi n'kupeza batani la tiyi latsekedwa akudziwa bwino kuti makinawa si amodzi.

Pofuna kugwira kusiyana kotereku, David Park mu 1981, potsatira ntchito ya Robin Milner wa ku Edinburgh, anafotokoza njira yotchedwa bisimulation. Ili ngati masewero otsanzirana. Makina amodzi akaponya phazi, enawo ayenera kuponya phazi lofanana, ndipo pamene afikapo onse awiri masewero apitirire, aliyense mwa iwo atha kutsogola. Ngati palibe amene angamusiye mnzake m'mbuyo, makinawo ndi ofanana m'kachitidwe, ngakhale mawaya ndi mapulogalamu awo atasiyana kotheratu. Pa makina athu aja masewero amatha msanga: achiwiri akatseka batani la tiyi, oyamba amapereka tiyi ndipo anzawo amasowa choyankha.

Ubwino wake ndi wakuti makina osaima sitiyenera kuwadikira mpaka kalekale. Ngati mikhalidwe yawo ndi yowerengeka, timangoiika iwiriiwiri pa tebulo n'kuona ngati gulu lililonse likutsanzirana. Mu 2000, Jan Rutten wa ku Amsterdam analemba nkhani yotchedwa Universal Coalgebra, yosonyeza kuti ganizo limodzi lomweli limagwira ntchito pa makina a mitundu yambiri.

Izi si nthabwala za m'kalasi chabe. Banki ikasintha pulogalamu yakale n'kuika yatsopano, kuiyesa ka 1,000 kumangotiuza za maulendo 1,000 amenewo. Umboni wa masamu ndiwo umafikira ndi njira zimene woyesa sanaziganizire, ndipo m'njira zoiwalikazo ndi mmene ndalama za anthu zimatha kusokonekera.

Ophunzira, yesani izi sabata ino. Jambulani timizere tozungulira toimira mikhalidwe ya loko wa foni, ndi mivi yosonyeza chimene chimachitika nambala ikakhala yolondola kapena yolakwika. Kodi mukufunika mikhalidwe ingati kuti foni iwerenge kuphonya kutatu? Makolo, afunseni anawa akuonetseni chimene ajambula. Maseti ndi mafankishoni amene akulimbana nawo m'kalasi la masamu ndiwo maziko a zonsezi.