Maliro Atha, Nanga Kalata ya Imfa?

Ife a ku Bowe ndi midzi yonse ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi timadziŵa kuika maliro. Uthenga ukangomveka, palibe amene amadikira kuuzidwa chochita. Anyamata amathamanga kukadziŵitsa abale akutali, adzukulu amalaŵira kumanda ndi makasu, amayi amafika atasenza ufa ndi nkhuni, ndipo pasiwa anthu amachezera ndi nyimbo mpaka mbandakucha. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo mau ameneŵa tawasunga bwino. Koma ilipo ntchito imodzi ya pamaliro imene ambiri a ife sitinaizoloŵere, chifukwa makolo athu sanatisiyire. Ntchitoyo ndiyo kukalembetsa imfa ku boma ndi kutenga kalata yake. Ikaiŵalika, amene amalira kaŵiri ndi mayi wamasiye ndi ana ake.

Chifukwa chake sitinazoloŵere

Sikuti makolo athu anali osasamala ayi. Lamulo loyamba lolembetsa kubadwa ndi imfa m'dziko muno linakhazikitsidwa m'chaka cha 1904, m'nthaŵi ya Atsamunda, koma linkakakamiza Azungu ndi Amwenye okha. Munthu wakuda ankabadwa, kukula, kukalamba ndi kumwalira popanda dzina lake kuloŵa m'buku limeneli. Mbiri ya m'mudzi inkasungidwa m'mutu mwa nyakwaŵa ndi mwa eni mbumba. Mamishoni, monga wa Mvera umene unayamba mu 1889 ndi wa Kongwe wa mu 1894, ankasunga kaundula wa Akhristu ao, ndipo kwa mabanja ambiri kaundula wa mpingo ndiye anali buku lokhalo lokhala ndi maina ao.

Zinthu zinasintha pamene dziko la Malaŵi linakhazikitsa lamulo latsopano la kalembera mu 2010, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2015. Lamuloli likunena kuti kubadwa kulikonse ndi imfa iliyonse zilembedwe, kaya munthuyo ndi wa mtundu wanji. Bungwe loyendetsa ntchitoyi ndi National Registration Bureau, limene ambiri amangoti NRB. Ndi lomwelija limene mu 2017 linalemba anthu oposa 9 miliyoni ndi kuwapatsa ziphaso za unzika. Tonse tikukumbukira mmene tinkaimira pamizere kudikira kujambulidwa. Tsono ngati dzina la munthu linaloŵa m'kaundula wa boma ali moyo, liyeneranso kutsekedwa m'kaundula yemweyo akatisiya. Kufikira zitatero, kwa boma, kwa banki ndi kwa bwalo la milandu, munthu amene tinamuika ndi manja athu akadali moyo.

Amene amavutika ndani?

Tiyerekeze bambo wolima fodya, monga alili ambiri kwathu kuno. Watumiza mabelo ake ku okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, ndalama zaloŵa m'buku lake la ku banki, ndipo asanakazitape wadwala masiku oŵerengeka n'kumwalira. Mayi wa kunyumba, amene anafesa naye nazale, kuthyola ndi kusoka fodyayo, apita ku banki ndi mpango wakuda kumutu. Kalaliki amumvera chisoni, koma sangampatse ngakhale tambala imodzi. Iye sanali pamaliro. Chimene afuna kuona poyamba ndi kalata ya imfa, kenaka mapepala osonyeza amene ali ndi mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu. Pamene mayiyo ali kuyendayenda, sukulu zatsegulidwa, ana akufuna fizi, ndipo mvula yoyamba yagwa feteleza asanagulidwe.

Chomwechonso ndi banja la mphunzitsi, la msilikali, la mlonda wa pakampani. Ndalama za penshoni ndi za inshuwalansi sizituluka ndi mau apakamwa. Ofesi ya Bwanamkubwa ndi ofesi ya Administrator General, zimene zimathandiza kugaŵa chuma cha masiye, nazonso zimayamba ndi funso lomwelo: umboni wa imfa uli kuti?

Nkhaniyi imafika ndi kunja komwe. Agogo athu ambiri anapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela ndi TEBA, mpaka ulendowo unatha mu 1988. Ena anabwerako ndi chifuwa chimene sichinawasiye. Mu 2019 bwalo lalikulu la ku Johannesburg linavomereza pangano lakuti makampani a migodi ya golide apereke R5 biliyoni zopepesa anthu amene anadwala matenda a fumbi la m'migodi ndi chifuwa chachikulu, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligaŵe ndalamazo. Ngati mwini wake anamwalira, mkazi kapena ana angathe kupempha, koma ayenera kuonetsa umboni wolembedwa wakuti anamwaliradi, ndi chimene chinamupha. Nanga banja limene linaika bambo wao popanda pepala lililonse liyambira pati?

Pali chinanso chimene sitikonda kuchitchula. Pakati pathu alipo anthu amene maliro akangotha amayamba kuŵerenga malata, ng'ombe ndi ngolo za malemu, nanena kuti mkazi ndi wobwera. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 linaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi ena amene ankadalira malemuyo, ndipo linanena poyera kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nao kundende. Lamuloli ndi labwino, koma mayi amene ali ndi kalata ya imfa m'manja ndiye amafulumira kuthandizidwa nalo. Wopanda pepala amayamba ndi kutsimikizira anthu za chinthu chimene mudzi wonse unachiona.

Njira yake ndi yotani?

Njira imayamba ndi malo amene munthu wamwalirira. Ngati watsikira kuchipatala, kaya ku Madisi, ku Mponela, ku Dowa, ku Ntchisi, kapena anatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mapepala amayambira pachipatala pomwepo. Dokotala amalemba chimene chamupha, ndipo pamadzazidwa fomu yotchedwa NR10. Tsiku limenelo mitima imakhala pa bokosi ndi pa galimoto yonyamula thupi, n'chifukwa chake ndi bwino kuti mbale mmodzi wolimba mtima apatsidwe ntchito yokhayi yofunsa za mapepala, thupi lisanatuluke.

Ngati wamwalirira kunyumba, monga zimachitikira kaŵirikaŵiri m'midzi yathu, fomu yake ndi NR10C. Mbale amene akudziŵa bwino za imfayo amadzaza, ndipo mfumu ya m'mudzi imachitira umboni. Ngati imfa yadza mwa ngozi, mwa kumira, kapena mwa njira ina yokayikitsa, apolisi ayenera kudziŵitsidwa maliro asanaikidwe, pakuti lipoti lao lidzafunika.

Mapepalaŵa amapita ku ofesi ya kalembera imene ili kwa Bwanamkubwa, ku boma la Dowa kapena la Ntchisi. Wopita kumeneko atenge chiphaso chake cha unzika ndi cha malemu. Choncho chiphaso cha malemu tisachiike m'bokosi pamodzi ndi zovala zake, ndiponso tisachisunge ndi cholinga chogulira zinthu m'dzina la munthu amene kulibe, pakuti kutero ndi chinyengo. Lamulo limapereka masabata 6 kuti imfa ikhale italembetsedwa. Ochedwa sabwezedwa, koma njira yao imatalika, chifukwa mboni zimabalalika ndipo masiku amaiŵalika.

Tichenjere ndi maina. Kwathu kuno munthu mmodzi amakhala ndi dzina la ubwana, dzina la ubatizo, dzina la kuntchito ndi mfunda wake. Pa fomu palembedwe dzina lomwe lili pa chiphaso cha unzika, lemba ndi lemba, ndipo liyerekezedwe ndi la ku banki ndi la kuntchito. Lemba limodzi lolakwika lingathe kubweza mayi wamasiye kuchokera ku Lilongwe chimanjamanja. Kalata ikatuluka, iŵerengedwe bwino musanachoke pa ofesi. Kenaka ijambulitsidwe makope angapo, ndipo yeniyeniyo isungidwe m'pepala la pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha. Tikumbukirenso kuti kalata ya mfumu, kapena ya abusa, ndi umboni wothandiza, koma siiloŵa m'malo mwa kalata ya boma.

Ntchito imeneyi ndi ya yani?

Sichilungamo kusiyira namfedwa ntchitoyi. Mayi amene sanagone masiku atatu, amenenso mwambo ukumuuza kukhala m'nyumba, sangayambe ulendo wa ku boma. Mutu umodzi susenza denga. Tsiku limene mabanja aŵiri akhala pansi kuŵerenga chipepeso ndi kukambirana za kumeta, pamenepo ndi pamene mwini mbumba ndi ankhoswe ayenera kufunsa kuti, "Nanga wopita ku boma ndani?" Pa ndalama za chipepeso papatulidwe ya ulendo, ngongole ya bokosi isanameze zonse. Apite anthu aŵiri, mmodzi wa kuchimuna ndi wina wa kuchikazi, kuti pasakhale kukayikirana pambuyo pake. Akulu a mpingo ndi amayi a Chigwirizano, amene amapitanso kukazonda ofedwa patapita sabata, angathe kufunsa funso lomweli mwaulemu.

Inu achinyamata, apa ndi pamene sukulu yanu ionekere phindu. Mumadziŵa kuŵerenga fomu, ndipo simuopa kufunsa pa ofesi. Perekezani agogo anu ndi amayi anu, aŵerengereni zimene zalembedwa asanadinde chala. Musachite manyazi kufunsa kalaliki kaŵiri pamene simunamvetse, paja safunsa anadya phula.

Ndipo ife makolo, tisaope kukonzeratu. Ena amati kulankhula za imfa ndi kudziitanira tsoka, koma palibe munthu anafapo chifukwa cholemba wilo. Wilo ndi pepala limene munthu amalembapo mmene chuma chake chidzagaŵidwire, nasaina pamaso pa mboni ziŵiri. Tiwauze akazi athu ndi ana athu akuluakulu kumene timasunga chiphaso, buku la ku banki, mtchatho wa ukwati ndi mapepala a kuntchito. Bambo amene amabisa zonsezi m'thumba la jekete amasiyira banja lake mtolo wolemera koposa maliro enieniwo.

Mwina m'banja mwanu muli imfa ya chaka chatha kapena ya zaka zapitazo imene sinalembedwe. Musadikire kufikira tsiku limene banki kapena khoti lidzakufunsani. Pitani kwa mfumu yanu mboni zikadali moyo, ndipo mukafunse ku ofesi ya kalembera zimene muyenera kubweretsa. Manda timawaka ndi simenti kuti dzina la m'bale wathu lisaiŵalike. Tiyeni tichitenso chimodzimodzi ndi kalata imene idzadyetsa ana ake.