Galimoto yobisidwa mbiri ndi mlandu wa ng'ombe yogunda

Aliyense amene anaimapo pa Liwaladzi, m'mbali mwa msewu wa M5 pakati pa boma la Nkhotakota ndi Dwangwa, akudziwa kuti galimoto zing'onozing'ono ndi zimene zikunyamula moyo wa dera lino. Ma Sienta ndi ma Probox amatenga amayi a geni ya usipa, alimi a mpunga, ogwira ntchito m'minda ya mizimbe, ana asukulu ndiponso odwala opita kuchipatala. Eni galimotozi ambiri si anthu olemera. Ena anasunga ndalama za mzimbe kwa zaka zingapo, ena anagulitsa boti ndi makoka, ndipo ena anakongola ku banki m'khonde. Munthu wotere akanamizidwa pogula galimoto, chimene chatayika ndi thukuta la banja lonse.

Lero tikufuna tilingalire za khalidwe limene lazika mizu pa malonda a galimoto zakale, lomwe ndi kubisa kuti galimoto inachitapo ngozi.

Zambiri mwa galimoto zimene tikukwera zimachokera ku Japan. Zimatsika sitima pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Songwe ku Karonga, pamene zina zimadzera ku Durban. Ku Japan, galimoto yogulitsidwa pa okushoni imakhala ndi pepala lolembedwa ndi amene aiyendera. Pa pepalalo pamakhala giredi ya galimoto, mtunda umene yayenda, ndi chithunzi chosonyeza pamene panakalika, panapindika kapena panasinthidwa chitsulo. Giredi R kapena RA imatanthauza kuti galimotoyo inawonongekapo n'kukonzedwa. Choonadi chimanyamuka limodzi ndi galimoto, koma kawirikawiri chimatsikira panjira, ndipo wogula wa kuno saliona pepalalo. Palinso galimoto zimene zinagubuduzika pa misewu yathu yomweyi, n'kuwongoledwa ku garaja, kupakidwa penti, kenaka kuikidwa pa msika ngati sizinaonepo vuto. Kuchokera pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya galimoto inakwera kwambiri, ndipo munthu akamva mtengo wotsikirapo mtima umathamanga kuposa maso.

Tinene mosapsatira kuti kugulitsa galimoto yomwe inachitapo ngozi si tchimo. Galimoto yokonzedwa bwino imatha kutumikira zaka zambiri, ndipo wogula amene wauzidwa zoona amadziwa mtengo woyenera ndi zoti aziyang'anira. Tchimo lagona pa kubisa.

M'buku la Eksodo, mutu 21, muli lamulo lokhudza ng'ombe yogunda anthu. Ngati ng'ombe yapha munthu mwadzidzidzi, mwini wake analibe mlandu. Koma ngati inali ndi chizolowezi chogunda, mwini wake nachenjezedwa koma osaitsekera, imfa ya munthuyo inkakhala pamutu pake. Chimene chimasiyanitsa milandu iwiriyi ndi kudziwa. Wogulitsa amene akudziwa kuti chassis ya galimoto inapindika, kapena kuti ma airbag anaphulika ndipo sanabwezeretsedwe, ali ngati mwini ng'ombe uja. Galimoto yotere imakokera mbali imodzi, imadya matayala mosalingana, ndipo chitsulo chimene chinawongoledwa ndi moto sichikhalanso ndi mphamvu yoteteza okwera pa ngozi yachiwiri. Ikadzasemphana ndi thiraki pa mlatho wopapatiza itadzaza anthu, amene adzalipire chinyengocho ndi anthu oti pa malondawo panalibe. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse pa dziko lapansi. Mkhristu sayenera kuwonjezera dzina pa chiwerengero chimenechi chifukwa cha phindu la tsiku limodzi.

Ena amadzitonthoza kuti sananame, poti wogula sanafunse. Mneneri Amosi, zaka zoposa 700 Yesu asanabadwe, anadzudzula amalonda a ku Israeli amene ankachepetsa muyeso, kukweza mtengo ndi kugulitsa mungu pamodzi ndi tirigu. Amalonda amenewo sankafunika kutsegula pakamwa kuti anyenge. Sikelo yawo ndi imene inkanama m'malo mwawo. Chimodzimodzi lero, penti yatsopano yokwirira pamene panawotchereredwa, kapena mita ya mtunda yobwezedwa m'mbuyo, ndi bodza ngakhale lilime lili chete. Ndipo chochititsa chisoni n'chakuti amalonda a m'masiku a Amosi ankasunga Sabata. Ifenso tili ndi amalonda ndi adobadoba amene amaimba m'kwaya ndi kupereka chakhumi mokhulupirika. Mpingo usachite manyazi kuwauza kuti chopereka sichitsuka ndalama ya chinyengo.

Kwa inu amene mukufuna kugula, akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Kukhulupirira Mulungu sikuchotsa udindo wofufuza. Musagule galimoto madzulo kapena mvula ikugwa, chifukwa penti yosiyana mtundu imaoneka bwino padzuwa. Tengani makaniko wanu, osati amene wogulitsa wakupezerani. Aone ngati mipata ya zitseko ndi boneti ili yofanana mbali zonse, asuzumire pansi ndi m'buti kufuna zizindikiro za kuwotcherera, ndipo ayendetse maginito pa thupi la galimoto, pakuti pamene anamatapo phala lokwirira sipagwira maginito bwino. Poliza injini, nyali ya airbag iyenera kuyaka kwa kanthawi kenaka n'kuzima. Ngati siyaka konse, funsani chifukwa chake. Nambala ya chassis igwirizane ndi imene ili pa mapepala a ku Road Traffic ndi a MRA, ndipo ngati galimoto yangofika kumene, pemphani pepala la okushoni. Dziwaninso kuti COF imangotsimikiza kuti galimoto inayenera kuyenda pamsewu tsiku limene inayesedwa, siifotokoza mbiri yake. Pomaliza, wogulitsa alembe m'kalata ya mgwirizano ngati galimotoyo inachitapo ngozi kapena ayi, asayine pamaso pa mboni. Wokana kulemba wakuyankhani kale. Safunsa anadya phula.

Ngati mwanamizidwa kale, malamulo alipo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, komanso bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu amene anyengedwa pa malonda. Kudandaula si kusakhululuka. Mukhoza kumukhululukira munthu mumtima, komabe n'kutseka njira yoti apweteke ena.

Koma yesero lalikulu limadza kwa wonamizidwayo. Akazindikira kuti galimoto yake ndi yolumala, anzake amamulangiza kuti aitsuke, aipukute bwino, n'kuikankhira kwa wina asanadziwe. Motero chinyengo chimayenda kuchoka ku Lilongwe kufika pa Nkhotakota, kuchoka pa Nkhotakota kufika pa Liwaladzi, mpaka chitafika kwa wosaukitsitsa amene alibe womugulitsa. Wina ayenera kudula chingwe chimenechi, ndipo kuchidula kumawawa chifukwa kumatanthauza kugulitsa motsika mtengo, kapena kugulitsa ngati zitsulo. Apa ndi pamene chikhulupiriro chathu chimayesedwa, pa ndalama zenizeni, ngongole ya ku banki m'khonde ili pakhosi.

Kwa amene munagulitsapo mobisa, khomo silinatsekedwe. Zakeyu wa ku Yeriko, m'buku la Luka mutu 19, sanathere pa kumva chisoni. Analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda. Ngati simungathe kubweza ndalama lero, yambani ndi chimene mungathe. Mufunefuneni wogula uja, mumuuze chimene chili pansi pa penti, kuti aitengere galimotoyo kwa makaniko isananyamulenso anthu.

Ambuye atipatse mtima wonena zoona ngakhale pamene zoonazo zikutitsitsira mtengo.